Mukufuna Alfa Romeo GTV6? Yambani mwagona pansi pake

Pali galimoto zina ukangomva kulira kwake kumbuyo kwako umatembenuka usanaganize n'komwe, ndipo Alfa Romeo GTV6 ndi imodzi mwa zimenezo. Vuto lake ndi lomwelo. Anthu ambiri amene anaotcha nayo ndalama anagula ndi makutu, mwini wake analiza injini, anapondako kawiri, basi mtima pha, ndalama zatuluka, kufika kunyumba kupeza kuti pansi ponse ndi dzimbiri lokhalokha lomata ndi penti. Nde ndati ndilembe m'mene ine ndimachitira ndikapita kukaona imodzi, mwina wina apulumukirapo.

Tiyambe ndi funso loti n'chifukwa chani munthu wanzeru zake angalimbane ndi galimoto ya zaka 40 pamene ma Toyota ali mbwee. Aku Italy ali ndi mtundu wa galimoto umene amautchula kuti gran turismo, mwachidule GT, ya zitseko ziwiri, yothamanga koma yoti mutha kuyenda nayo ulendo wautali osafika msana utathyoka, yokhala ndi malo a chikwama kumbuyo. Pamwamba penipeni pa banja limeneli pali zinthu ngati Ferrari 250 GTO, zinapangidwa 36 zokha ndipo imodzi inagulitsidwa madola 48.4 miliyoni pa okushoni mu 2018, zimenezo tingoonera pa foni abale. Koma m'banja lomwelo muli mwana wina amene munthu wogwira ntchito angalote, ndiye GTV6 ameneyu. Zilembo GTV zikuimira Gran Turismo Veloce, veloce ndiye kuti yaliwiro, 6 ndi masilinda.

Thupi lake anajambula ndi Giorgetto Giugiaro, yemwe uja anajambulanso Volkswagen Golf yoyamba, ndipo linatuluka mu 1974 ndi dzina loti Alfetta GT, nthawi imeneyo ili ndi injini ya masilinda anayi. Mu 1980 ndi pamene anaikamo injini ya V6 ya malita 2.5, boneti nkuyitukumula pakati kuti injiniyo ikwane. Injini imeneyi anthu amangoitchula kuti Busso, dzina la amene anaipanga, Giuseppe Busso, ndipo nkhani yake ndi yomvetsa chisoni pang'ono, V6 yomaliza inatuluka mufakitale ya ku Arese, Italy, kumapeto kwa 2005, mkuluyo nkumwalira patangopita masiku ochepa mu January 2006. Pa mipikisano GTV6 inatenga European Touring Car Championship zaka zinayi zotsatizana, 1982 mpaka 1985. Nde si galimoto yongokongola ayi, ili ndi mbiri.

Tsopano chimene chikutikhudza ife akuno n'chakuti Alfa Romeo inali ndi fakitale ku Brits, South Africa, kufupi ndi Pretoria, mpaka 1985, ndipo galimoto zake zinali za chiwongolero chakumanja ngati zathu zomwezi. Ndiye kuti ngati muli pa Joni kapena muli ndi m'bale kumeneko, simukufunika kuitanitsa ku Milan. Komanso kumeneko ndi kumene kunabadwira GTV6 3.0, imene sinapangidwe kwina kulikonse padziko lapansi, tifikako.

Chinthu choyamba, musanaimbire foni aliyense, khalani pansi mudzifunse kuti mukufuna iti ndipo mukufuna kuti muzitani nayo. Pali ya masilinda anayi, Alfetta GTV 2.0, yotchipirako, yosavuta kukonza, yopepuka kutsogolo, koma ilibe nyimbo ija. Pali GTV6 2.5 ya mahachi 160, ya fuel injection ya Bosch, iyi ndi imene ine ndingauze munthu aliyense kuti agule ngati akufuna kuyendera. Nde pali 3.0 ya ku South Africa, anaipanga cha mu 1984 ndi 1985 kuti alimbane ndi BMW 535i pa mipikisano ya Group One ku bwalo la Kyalami ndi kwina, malamulo amafuna kuti apange zingapo zogulitsa kwa anthu wamba kuti aloledwe kupikisana, nde zinatuluka zongopitirira 200 pang'ono. Injini yake ndi 2934 cc, zida zina zinachokera ku Autodelta, nthambi ya mipikisano ya Alfa, ndipo m'malo mwa injection ili ndi makabureta asanu ndi imodzi a Dell'Orto, silinda iliyonse yakeyake. Iyi ndiye ya osonkhanitsa enieni, mtengo wake ndi wina, ndipo olo mutaipeza muzikumbukira kuti makabureta 6 kuti aziyimba nyimbo imodzi pamafunika makaniko amene anazolowera, osati wa pansi pa mtengo wa mango.

Mukasankha, chachiwiri ndi kufunsa kuti galimotoyo yakhala kuti moyo wake wonse. Funso limeneli limaoneka lachibwana koma limakupulumutsani ulendo. Ya ku Durban kapena Cape Town yapuma mphepo ya mchere zaka zonsezi, ya ku Gauteng kapena Free State yakhala kouma. Ma Alfa a nthawi imeneyo amadya dzimbiri ngati chiswe pa nsungwi, nde kusiyana kwake n'kwakukulu. Pemphani zithunzi za pansi, za mkati mwa buti atachotsa kapeti ndi tayala la sipeya, osati zija za pa kapinga galimoto itangotsukidwa. Munthu akamazemba kutumiza zithunzi za pansi mwadziwa kale yankho.

Chachitatu ndiye chachikulu, ndipo apa nditaya nthawi. Tsiku lokaona nyamulani tochi, kamaginito kofooka ngati kaja komata pa filiji, sikuludiraiva, ndi katoni yoyala pansi. Valani zovala zoti zide. Pitani masana kuli dzuwa, osati madzulo, osatinso kukugwa mvula chifukwa madzi amabisa mabala a penti. Mukafika muuzeni mwini wake kuti asalize injini kaye, ndikubwereza, asalize. Gwirani boneti ndi dzanja, ngati ikutentha ndiye kuti waiwotha inu musanafike ndipo pali chimene sakufuna muone ikamadzuka yozizira.

Yambani ndi m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, makamaka m'makona apansi, kenako kuzungulira galasi la chitseko chakumbuyo chija chachikulu. Mukaona penti ikutuwa kapena ikutukusira ngati matuza, pansi pake pawola, ndipo dzimbiri limene mukuliona kunja ndi mwana chabe, mayi ake ali mkati. Tsegulani boneti muyang'ane m'mbali mwa injini, pamwamba pa mawilo pamene pamangidwa mashoko, pamenepa pakawola ndi nkhani ya chitetezo osati kukongola. Kenako yalani katoni ija mugone. Onani zitsulo ziwiri zoyenda m'munsi mwa zitseko kuchokera kuwilo lakutsogolo mpaka lakumbuyo, onani malo oikapo jeke, gogodani pang'onopang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, chitsulo chabwino chimalira ngwee, chowola chimangoti phu phu. Yendetsani kamaginito m'munsi mwa zitseko ndi pa ma mudguard, pamene sikakugwira ndiye kuti pali filler, phala lija amamatira mabowo asanapente. Mubuti chotsani tayala la sipeya muone pansi pake, onaninso pamene pamakhala batire chifukwa pa GTV6 batire lili kumbuyo, asidi akadontha amadya chitsulo mwakachetechete. Kwezani makapeti a kumapazi, mukamva fungo la chinyezi ngati nyumba yodontha ndiye kuti madzi amalowa.

Chifukwa chimene ndikukakamira apa n'chakuti injini imakonzeka, giyabokosi imakonzeka, zida zake zambiri zimafanana ndi za Alfa 75 ndi ma Alfa ena a V6 nde zimapezeka. Koma thupi lowola limameza ndalama osakhuta, wowotcherera akadula apa amapeza kuti apanso pawola, miyezi nkumapita galimoto ili pa matabwa. Ine ndinaphunzira mowawa, ndinagulapo ina yofiira bwino kwa bambo wina wokoma pakamwa, ndinangoizungulira kamodzi nditavala shati yoyera, sabata yachiwiri ndikuika jeke kuti ndisinthe tayala jekeyo inangolowa mkati ngati ndabaya papaya. Bola kugula yosalira koma thupi lili gwa kusiyana ndi yolira bwino yowola.

Thupi likakhoza mayeso, chachinayi ndi mapepala, injini idikirebe. Nambala ya chasisi imene ili pa galimoto ifanane ndi ya pa mapepala, chilembo ndi chilembo, ndipo muone ngati pozungulira nambalayo sipanawotchereredwe kapena kupalidwa. Nambala ya injini chimodzimodzi. Ngati akuti ndi 3.0 yeniyeni apa ndiye tsegulani maso onse awiri, chifukwa ma 2.5 ambiri anawaika injini ya 3.0 yochokera mu Alfa 75 kapena 164 nkuwaveka boneti yotukumuka kwambiri ija, ndipo si galimoto zoipa ayi, zina zimathamanga kuposa yeniyeniyo, koma si zosowa ndipo musalipire mtengo wa yosowa. Yeniyeni boneti yake ndi ya fibreglass, maginito sagwira, ndipo pansi pake mupeze makabureta aja osati injection. Komabe boneti ndi makabureta munthu atha kugula, nde tengani nambala ya chasisi mufunse ku kalabu ya eni ma Alfa ku South Africa, muli madala amene amazidziwa galimotozi pafupifupi imodziimodzi. Kwa zimene zinapangidwa ku Italy, a Alfa Romeo ali ndi nkhokwe ya mbiri ku Arese komwe kulinso myuziyamu yawo, amatha kupereka satifiketi yonena tsiku limene galimoto inapangidwa ndi mtundu wa penti umene inatuluka nawo. Kapepala kameneko kamakweza mtengo tsiku logulitsa. Ma risiti akale a ku galaja, olo akhale othimbirira bwanji, ndi golide, amakuuzani ngati mwini wake amaisamala kapena amangoiyendetsa mpaka ife.

Tsopano chachisanu, injini, koma musanapotokole kiyi funsani funso limodzi, lamba wa timing anasinthidwa liti? Akayankha kuti sindikudziwa kapena akuoneka bwinobwino, musailize kwambiri. Injini ya Busso lamba akaduka kapena kudumpha mano mapisitoni amamenya mavavu, ndipo nyimbo yonse ija imathera pomwepo. Chokokera lambayo choyambirira chimagwira ntchito ndi oyilo wa injini ndipo chimakonda kudontha, oyilo nkumanyowetsa lamba, nde walitsani tochi kutsogolo kwa injini muone ngati pali ponyowa. Ambiri anasintha nkuika cha sipuling'i. Kaya muli chiti, mukagula ntchito yoyamba ndi lamba watsopano, chokokera, ndi pampu ya madzi, musanapite nayo kulikonse kukadzionetsa. Lamba amakalamba ndi zaka olo galimoto ingokhala, nde musamawerenge makilomita okha.

Tsegulani chotsekera oyilo, mukaona zoyera ngati chambiko ndiye kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo, mwina gasiketi yapita. Onaninso mu thanki ya madzi ngati simukuyandama mafuta. Mukatero muuzeni alize inu mutaima kumbuyo. Kautsi koyera pang'ono m'mawa si kanthu, utsi wa buluu wosaleka ndi oyilo akupsa. Isiyeni ilire mpaka itenthe, fani idzuke yokha, muone geji ya oyilo kuti sikugwa pansi ikatentha. Apa tsopano mutha kumvera nyimbo ija, mwaigwirira ntchito.

Chachisanu ndi chimodzi ndi kuyendetsa, ndipo apa muyenera kudziwa m'mene galimotoyi inapangidwira kuti musaiweruze molakwa. Injini ili kutsogolo koma kilachi ndi giyabokosi zili kumbuyo pamodzi ndi difu, anachita dala kuti kulemera kugawanike pafupifupi theka kutsogolo theka kumbuyo, nzeru imene anaitenga ku Alfetta ya mipikisano imene Farina anapambanira Formula One mu 1950 ndi Fangio mu 1951, dzina lija linachokeranso komweko. N'chifukwa chake pa kona imakhala ngati yamatidwa. Koma zimenezi zili ndi mtengo wake. Ndodo ya giya ili kutali ndi giyabokosi nde magiya salowa msanga ngati a Corolla, amafuna dzanja lofatsa, makamaka ikadali yozizira. Zimenezo n'zachibadwa. Chimene si chachibadwa ndi giya 2 kukukuta mano nthawi zonse mukamatsika kuchokera pa 3, ndiye kuti synchro, kachitsulo kothandiza giya kulowa mosakukuta, yatha, ndi matenda odziwika a galimotozi, amachizika koma giyabokosi itsike, nde chotsani pa mtengo.

Propshaft yake, chitsulo chachitali chotenga mphamvu ya injini kupita kumbuyo, imazungulira pa liwiro la injini nthawi zonse chifukwa kilachi ili kumbuyo, ndipo imalumikizidwa ndi mphira zozungulira zimene amazitchula kuti madonati. Mukamva kunjenjemera pansi pa mpando pamene mukuponda mafuta olo galimoto itaima, kapena kugunda mukamanyamuka, madonati ang'ambika. Muja munagona pansi muja muwayang'ane ngati alibe ming'alu. Mabuleki akumbuyo nawo sali kumawilo, ali mkati pafupi ndi giyabokosi, amakaniko ambiri amadana nawo chifukwa manja salowa bwino, nde nthawi zambiri mumawapeza atanyalanyazidwa. Yesani handibuleki pa kamtunda. Zamagetsi yesani chilichonse, mawindo, magetsi, waipa, ma indicator, china chake chipezeka chakufa, osadandaula, kawirikawiri ndi ma earth adzimbiri ndi bokosi la mafyuzi lofuna kupukuta. Koma dashibodi yong'ambika ndi dzuwa, mipando yoyambirira, timapulasitiki ta mkati, izi ndiye zovuta kupeza kuposa zitsulo, nde ya mkati mwabwino ipatseni ulemu.

Pa kukambirana mtengo sindinena zambiri, Amalawi kunenerera timakudziwa kale. Lembani zonse mwapeza papepala, funsani makaniko mtengo wa chilichonse, muchotsere. Ndipo musathere ndalama zonse pogula, siyani ina yambiri ndithu ya chaka choyamba, chifukwa idzafunika basi.

Ngati mukuisunga ku South Africa komweko nkhani yatha, kasinthitseni dzina. Koma ngati mukufuna ifike kumudzi, chachisanu ndi chiwiri chichitike musanalipire osati mutalipira. Pitani kapena imbani ku MRA mufunse msonkho wa galimoto ya chaka chimenecho ndi injini ya kukula kumeneko, chifukwa kwathu galimoto ikakhala yakale komanso ya injini yaikulu msonkho umakwera, ndipo mungadabwe. Ku South Africa mufunika police clearance ndi mapepala otulutsira galimoto, pezani clearing agent wodziwika osati wa pa WhatsApp amene simunamuonepo. Njira ndi yomwe ija ya Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, nkulowera pa Mwanza. Ndikudziwa mtima ukufuna kuiyendetsa nokha, ndi GT eti, ulendo wautali ndiye ntchito yake. Koma galimoto imene simunaidziwe, ya zaka 40, kutentha kwa ku Tete kuja, mizere ya pa boda, sipeya palibe njira yonse, ikwezeni pa thiraki abale. Ulendo wautali mudzapanga mutadziwana.

Ikafika, kuisunga ndiye ntchito ya moyo wonse. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol, takhala tikutero kuyambira m'ma 1980, ndipo ethanol amadya mapaipi akale a mphira komanso amakoka chinyezi akakhalitsa mu thanki. Sinthani mapaipi onse a mafuta muike atsopano opirira ethanol, pa ya injection iyi si nkhani yoseka chifukwa mafuta amayenda ndi mphamvu ndipo akadontha pa injini yotentha ndi moto. Kazimitsamoto kakang'ono kazikhala m'galimoto. Isagone panja nyengo ya mvula, ndipo musaikute ndi lona wa pulasitiki amene amasunga thukuta, bola shedi ya malata yopita mphepo. Makoswe amakonda mawaya ndi mipando yakale, nde galaja isakhale yomwe mumasungiramo chimanga. Ndipo muziiyendetsa, olo kawiri pamwezi mpaka itenthe bwinobwino, Alfa yongokhala imadwala kuposa yoyenda, ma seal amauma, mabuleki akumbuyo aja amagwira, kilachi imamatirira.

Ndi yotsika, nde mahampu ndi maenje muziwawerenga patali, dutsani mopendeketsa pang'onopang'ono olo a minibasi akuimbireni hutala. Makaniko sankhani mmodzi wodekha amene amavomera kuwerenga buku, mugulireni workshop manual, musamasinthesinthe. Zida zing'onozing'ono ngati malamba, madonati, mafyuluta, itanitsani ziwiriziwiri zikhale pa shelefu chifukwa ku Limbe kapena ku Malangalanga simukazipeza.

Za kukwera mtengo ndinene chilungamo changa, inde zabwinobwino zikusowa chaka ndi chaka chifukwa zambiri zinawola, ndipo 3.0 yeniyeni anthu akunja amaisaka mpaka kuitulutsa mu South Africa. Imene imasunga mtengo ndi yosasinthidwa, penti ya mtundu wake, mawilo ake, mipando yake, nde mukachotsa chinthu choyambirira musataye, sungani m'katoni, ndipo chonde musaboole zitseko kuti muike masipika. Koma kwathu kuno ogula ndi ochepa, mukadzafuna kugulitsa msika wake uli kunja, nde amene akuganiza kuti ndi bizinesi bola akagule poloti. Ine yanga yachiwiri, ija ndinaigula nditagona pansi pake ola lathunthu mwini wake akundiyang'ana ngati wamisala, ndimaidzutsa Loweruka m'mamawa msewu usanadzadze, kutsika nayo Khwekhwelere kuchokera ku Dedza kupita ku Golomoti, windo lotsegula, giya 2 ndi 3 basi, pobwerera kukwera ndiye imaimba mpaka ana a m'mbali mwa msewu kusiya mbuzi. Lolemba ndimakwera Toyota kupita kuntchito.